Kafukufuku wa feteleza yemwe ankafuna mavoti: lipoti la zomwe ndinaona ku Kasungu

Ine ntchito yanga ndi ya kafukufuku, ndimatsogolera achinyamata oyenda khomo ndi khomo ndi tabuleti kufunsa mafunso, aja mumangowatchula kuti ma enumerator. Ndi ntchito ya kontirakiti, lero a zaumoyo mawa a zaulimi, ndipo yambiri ndaigwirira konkuno ku Kasungu, kwa Santhe, kwa Chulu, kwa Wimbe, ku Chamama mpaka kumtunda kwa Kaluluma. Lipoti ili ndi la ntchito imodzi yomwe tinaitanidwa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chisanachitike, ndipo ndikulembera makamaka anzanga a ntchito yomweyi komanso mafumu ndi makomiti a m'midzi omwe amatilandira nkutipatsa mpando. Dzina la kampani sinditchula, midzi yeniyeninso ndaibisa dala chifukwa anthu omwe anatiyankha adakali konko.

MMENE NTCHITO INABWERERA

Uthenga unabwera pa gulupu ya WhatsApp yomwe timauziranapo za maganyu, kuti kampani ina ikufuna matimu a kafukufuku wa zipangizo zaulimi, mitengo ya feteleza ndi mmene alimi akugwiritsira ntchito Airtel Money ndi Mpamba. Panalibe chodabwitsa, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 bungwe lililonse limafuna kudziwa kuti mlimi akupuma bwanji. Alawansi inali yoposa yomwe tinazolowera komanso amati azilipira pa sabata osati zodikira miyezi zija. Kwa mwana yemwe anamaliza koleji nkumangokhala pakhomo ndalama imeneyo siyokana, izi ndikuneneratu kuti pasapezeke wonyoza ana omwe anapitiriza ntchitoyi ife titaisiya, ndimawadziwa ndipo ndikudziwa mmene zinthu ziliri kwawo.

Thireningi inachitikira pa loji ina pa boma. Otiphunzitsa anali Amalawi anzathu koma mafunso amachita kuonekeratu kuti analembedwa kunja nkumasuliridwa mothamanga, mwakuti nthawi yambiri inathera kukonza Chichewa, nde pokonzapo ndi pomwe ndinawerenga fomu yonse mofatsa.

ZOMWE ZINALI MU FOMU

Gawo loyamba linali la ulimi ndithu. Munda ndi maekala angati, mumalima fodya kapena soya kapena mtedza, chaka chatha munathira matumba angati, dzina lanu linatuluka pa AIP kapena ayi, fodya munagulitsa ku Chinkhoma kapena munangopereka kwa mavenda. Awa ndi mafunso a masiku onse.

Gawo lachiwiri ndi lomwe linandiimitsa mutu. Munthu amamuwerengera chiganizo iye nkunena ngati akugwirizana nacho kwambiri, pang'ono kapena ayi, ndipo ziganizo zake zinali zonga izi, ndimada nkhawa msanga, ndimakonda kuyesa zinthu zatsopano, sindikhulupirira anthu ochokera kutali, ndimachita zomwe akuluakulu anena olo mumtima ndisakugwirizana nazo. Kenako funso lakuti chimakusowetsani tulo kwambiri nchiyani, njala, ngongole ya katapila, kulandidwa munda, njovu, mwana kusowa ntchito. Kenako lakuti ndani yemwe akanena kanthu inu mumamvera, amfumu, abusa kapena ashehe, alangizi, atcheya a kalabu, mwana wanu wa ku Joni. Wailesi yomwe mumamvera ndi iti komanso nthawi yanji, foni ya mnyumbamo ndi ya ndani, imakhala ndi inu nthawi iti ya tsiku, meseji ikabwera amakuwerengerani ndani. Ine ndagwirapo makafukufuku a ulimi ambiri, palibe ndi mmodzi yemwe anafunapo kudziwa ola lomwe mayi amakhala ndi foni ya amuna awo.

Za ndale anaziika kumapeto, pomwe munthu watopa komanso wazolowerana ndi wofunsa. Munavota mu 2019, nanga mu 2020, chaka chino mukavota, mzere utatalika mpaka masana mudzadikira kapena mudzabwerera, chisankho chikanakhala lero mukanasankha ndani. Mtundu wanu, mpingo wanu. Pomaliza dzina lonse, nambala ya foni, GPS ya pakhomo penipeni, ndi chithunzi cha chiphaso cha unzika, ati kuti atumize mayunitsi othokoza.

Anzanga a ntchito imeneyi amvetsa msanga chomwe chinalakwika apa, koma ndifotokoze chifukwa cha ena. Kafukufuku wofuna kudziwa maganizo a anthu safuna anthu onse, amasankha ochepa mwa mayere. Timatenga mapu a NSO, ofesi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu, a kalembera wa 2018, kusankha madera, kulowa m'mudzi nkumadumpha makomo mwa nambala yomwe tapatsidwa, ndipo pakhomo timafunsa munthu mmodzi. Afrobarometer imafunsa anthu pafupifupi 1,200 m'Malawi monse muno ndipo imapeza chithunzi cha dziko lonse la anthu oposa 17 miliyoni. Tsono awa sankafuna zodumpha makomo, ankafuna khomo lililonse komanso munthu wamkulu aliyense wokhala ndi foni, madera akenso atawadula motsatira malo oponyera voti osati mapu a NSO. Ndipo fomu yopanda nambala ya foni samalipira. Mukaona zotere dziwani kuti sakufuna kudziwa zomwe anthu a ku Kasungu akuganiza, akufuna mndandanda wa maina wokhala ndi mantha a munthu aliyense pambali pa dzina lake.

Nambala ya foni timatenga ndithu pa ntchito zambiri, koma ndi ya back check basi, kuti wina aimbire anthu ochepa kufunsa ngati mwanayo anafikadi pakhomo, ndipo imasungidwa padera ndi mayankho kenako nkufufutidwa. Apa nambala, dzina, mayankho ndi chithunzi cha chiphaso zinali pa mzere umodzi. Mawu opempha chilolezo omwe timawerenga poyamba amati kafukufukuyu ndi wa zaulimi ndipo dzina lanu silidzadziwika, za ndale osatchula olo kamodzi.

KOMWE NJIRA IMENEYI INACHOKERA

Ndinazizindikira chifukwa nkhani yake inaphulika kale mu Malichi 2018. Kampani ya ku London ya SCL Group, yomwe ntchito yake inali kuphunzira khalidwe la anthu nkumagulitsa luso limeneli kwa maboma, asilikali ndi andale, inatsegula nthambi mu 2013 yotchedwa Cambridge Analytica, ndalama zake zochokera kwa mpondamatiki wa ku America Robert Mercer, bwana wake Alexander Nix. Chaka chomwecho akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge, Michal Kosinski ndi anzake, anali ataonetsa kuti ma like a munthu pa Facebook okha amatha kuulula zambiri za iye, chipembedzo, mbali yomwe ali pa ndale ngakhale khalidwe lake. Kenako mphunzitsi wina wa pa yunivesite yomweyo, Aleksandr Kogan, anapanga ka app ka mafunso oyeza khalidwe. Omwe anayankha anali pafupifupi 270,000 koma ka app kaja kamakokanso zambiri za anzawo a pa Facebook omwe sanafunsidwe nkomwe, mpaka Facebook inavomera yokha kuti okhudzidwa atha kufika 87 miliyoni. Anaulula ndi Christopher Wylie yemwe anagwirako ntchito, kudzera mu nyuzipepala za The Observer ndi The New York Times.

Mafunso oyeza khalidwe amenewa amayang'ana mbali zisanu, kukonda zatsopano, kuchita zinthu mwadongosolo, kumasuka pa gulu, kumvana ndi anthu, ndi kuda nkhawa msanga. Muwerengenso gawo lachiwiri la fomu yathu ija muona kuti ndi zomwezo, anangosintha chilankhulo. Cholinga chake nchakuti wamantha umulankhule zoopsa, wokwiya umuonjezere mkwiyo, womvera akuluakulu umutumizire mawu ooneka ngati achokera kwa akuluakulu.

Ambiri amaganiza kuti izi ndi za ku America ndi Trump basi, ayi. Mwezi womwewo wa Malichi 2018 Channel 4 ya ku Britain inaonetsa kanema wojambulidwa mobisa momwe mkulu wina wa kampaniyi, Mark Turnbull, amadzitama za ntchito yomwe anagwirira Uhuru Kenyatta ku Kenya mu 2013 ndi 2017, kuti anasintha maonekedwe a chipani kawiri, analemba manifesito, analemba zolankhula, komanso anachita kafukufuku maulendo awiri wa anthu pafupifupi 50,000. A chipani cha Kenyatta cha Jubilee anati thandizolo linali la maonekedwe a chipani chabe. Ine chomwe chinandikhudza ndi nambala ya 50,000 ija, chifukwa kuti ufunse anthu ochuluka chonchi pamafunika ofunsa, ana onga anga omwewa. Ku Trinidad and Tobago, Nix mwiniwake anadzitama pa mawu ojambulidwa kuti pa chisankho cha 2010 anayambitsa kampeni yooneka ngati ya achinyamata eni ake yowalimbikitsa kuti asakavote, podziwa kuti omwe akakhale pakhomo ambiri ndi a mbali inayo. Ndipo mu 2020 Channel 4 inaulutsa kuti mu mndandanda wa kampeni ya Trump ya 2016 anthu akuda 3.5 miliyoni anawaika mu gulu la ofunika kuwagwetsa ulesi wovota, a kampeniyo anakana nkhaniyo. Cambridge Analytica inatseka mu Meyi 2018, Facebook inalipitsidwa 500,000 mapaundi ku Britain mu 2018 ndi 5 biliyoni madola ku America mu 2019, koma ogwira ntchito ake ena anakatsegula makampani atsopano ndipo luso lija lili pa msika, aliyense wa ndalama atha kuligula.

Kuno kwathu pali kusiyana kumodzi. Kumudzi ambiri sali pa Facebook, foni ndi ya mabatani, nde kampani yofuna kudziwa mitima ya anthu a kwa Chulu singakoke pa intaneti, iyenera kutuma munthu wolankhula Chichewa chabwino, wodziwa kugwada popereka moni, kuti akakhale pa mphasa. Munthu ameneyo ndi ife. Komanso nambala ya foni ku Malawi si chinthu choyandama, chiyambireni kalembera wa ma SIM mu 2018 nambala imalumikizidwa ku chiphaso, chiphaso chija NRB inalembera anthu oposa 9 miliyoni mu 2017, chomwechonso ndi chomwe munthu ankagulira feteleza wa AIP komanso kulembetsera mu kaundula wa voti. Kwa munthu wa kumudzi zonsezi ndi chinthu chimodzi, boma.

TSIKU LOYESERERA

Tinapita kukayeserera mafunso mudzi wina cha kumadzulo, kufupi ndi malire a paki, dera lomwe nkhani ya njovu ndi yowawa kwambiri chibweretsereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022. Amfumu anatilandira bwino poona kalata yodindidwa yomwe imati ndi kafukufuku wa zaulimi. Koma anthu atangomva mawu atatu, feteleza, nambala ya foni ndi chiphaso, mbiri inawanda kuti kwabwera olemba maina a AIP. Sitinayendenso makomo, anthu anabwera okha ziphaso zili m'manja nkukhala pa mzere pansi pa mtengo wa mango, ena ochokera midzi yoyandikana.

Apa ndi pomwe chilolezo chimataya tanthauzo. Munthu woganiza kuti thumba la feteleza likudalira mayankho ake sangakane funso lililonse, ndipo amayankha zomwe akuganiza kuti ofunsa akufuna kumva. Agogo ena aakazi anandikokera pambali nkundifunsa motsitsa mawu, mwanawe, ndikanena zoona pa funso la votili dzina langa silichotsedwa? Ndinawayankha kuti agogo, ife sitikulemba maina a feteleza ndipo funso limenelo muli ndi ufulu wosayankha. Koma posakhalitsa mtsikana wina wa timu yanga anabwera nati bwana, tabuleti ikukana kupitirira. Pa funso la yemwe mukamuvotere panalibe posankha kuti wakana kuyankha, fomu simatsekeka usanadine dzina la munthu. Pa mafunso a ulimi posankhapo panali. Zimenezi sizichitika mwangozi, wokonza fomu amachita kuika dala.

Ndinaimitsa ntchito tsiku lomwelo nkuuza amfumu kuti pali zofunika kuti ndikafunse kaye. Mafomu omwe anali atadzazidwa anali atapita kale, matabuleti awo amatumiza okha akangopeza netiweki.

ZOMWE TINAFUNSA NDI ZOMWE ANAYANKHA

Ndinalembera woyang'anira ntchito kumufunsa yemwe walipira kafukufukuyu, kalata ya chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ya ku NCST (bungwe la boma loona za sayansi), dziko lomwe mayankho akukasungidwa, ndi tsiku lomwe manambala adzafufutidwe. Ndinapemphanso kuti mawu opempha chilolezo anene poyera kuti muli mafunso a ndale, kuti aike posankha pa wokana kuyankha, ndipo zojambula ziphaso zichoke.

Sanayankhe polemba, anaimba foni. Ati kasitomala wawo safuna kutchulidwa, ati uyu ndi kafukufuku wa msika nde safunika chilolezo cha komiti, ati manambala ndi a back check, ndipo fomu singasinthe chifukwa inavomerezedwa kale kumwamba. Nzoona kuti pa makafukufuku ena wofunsa sanena dzina la wolipira poyambirira kuopa kupotoza mayankho, koma sapavaiza amadziwa, komiti imadziwa, ndipo lipoti likatuluka dzinalo limakhala pa chikuto. Kubisira ngakhale sapavaiza ndi nkhani ina.

Ine ndi ena a timu yanga tinabweza matabuleti. Ndinabwerera kwa amfumu aja pa ndalama yanga ndipo anaitanitsa msonkhano pomwe ndinafotokoza kuti kunalibe kalembera wa feteleza, ndinadziwitsanso ofesi yomwe inadinda kalata kuti zomwe zili mu fomu ndi zosiyana ndi zomwe anauzidwa. Kampaniyo inapeza timu ina, ntchito inapitirira m'midzi ya dera lomwelo.

ZOMWE ZINATSATIRA

Kampeni itatsegulidwa mu Julayi amfumu aja anandiimbira kuti achimwene tabwerani mudzaone zomwe zikulowa m'mafoni. Tinakhala pa bwalo, anthu anabweretsa mafoni awo ndipo tinayamba kufananiza. Anali ma meseji komanso mafoni a mawu ojambulidwa kale, Chichewa chosalala, manambala otumiza osinthasintha, osanena kuti akuchokera kwa ndani. Amayamba ndi dzina la munthu ndi dzina la mudzi wake. Bambo wa fodya yemwe anadandaula za ngongole yodulidwa akagulitsa amalandira za mitengo ya fodya. Okhala kumalire kwa paki amalandira za njovu. Mayi wa banki m'khonde amalandira za mtengo wa shuga ndi mafuta ophikira, ndipo amabwera m'mamawa, nthawi yomwe iye ananena kuti amakhala ndi foni amuna awo akapita ku dimba. Omwe sanafunsidwe amangolandira ma meseji wamba aja aliyense amalandira nthawi ya kampeni, opanda dzina.

Anthu ena anachita mantha, ena anagoma kuti awa akutidziwadi ndipo akumva kulira kwathu. Ndinawauza kuti zili ngati sing'anga wabodza uja amatuma kamnyamata madzulo kukamvera nkhani za m'mudzi, mawa lake nkumakuuzani za kwanu ngati waziona mu nsupa. Zomwe akukuuzanizi munawauza ndi inu nomwe pa mphasa.

Zomwe zinandiwawa kwambiri ndi ziwiri ndipo ndikhalapo pang'ono. Achinyamata omwe anayankha kuti sanaganize ngati akavote, kapena kuti mzere ukatalika adzabwerera, sanalandire lonjezo lililonse. Iwo amalandira zakuti andale onse ndi amodzimodzi, kuti voti yako singasinthe mtengo wa sopo, kuti tsikulo bola ukapange geni yako. Mawu amenewa amamveka ngati a mnzako wa pa bawo osati a kampeni, ndipo mnyamata yemwe wakhala zaka osapeza ntchito safunika kumukakamiza kwambiri kuti awavomereze. Wina anawerengera kuti anyamata amenewa akapita kukavota sakavotera kasitomala wake, nde njira yotchipa ndi kuwakhazika pansi. Ufulu wovota anthu anauvutikira dziko lino, pa referendamu ya 1993 komanso pa zionetsero za 2019, tsono kuona munthu akulipidwa kuti achotse mtima wa ana athu pa voti mwakabisira, ine sindingazitchule kuti kampeni.

Chachiwiri ndi cha m'banja. Mafoni ambiri kumudzi ndi a banja lonse. Mayi wina anayankha mafunso ali yekha, ananena za ngongole ya katapila yomwe amuna ake samaidziwa, ananenanso mbali yomwe akufuna kuvotera yomwe ndi yosiyana ndi ya amuna ake. Meseji inabwera ndi dzina la mayiyo, ikukamba za ngongole komanso ikumuyamikira pa chisankho chake, anaiwerenga ndi bambo. Nkhaniyo inafika kwa ankhoswe. Mayiyu anauzidwa ndi mwana wa timu ya kafukufuku kuti zomwe anene ndi zachinsinsi ndipo anakhulupirira. Yemwe anakonza ma meseji amenewa kulikonse komwe ali amaganiza kuti foni imodzi ndi munthu mmodzi, sakudziwa nkomwe kuti kwathu kuno sizili choncho.

Pamwamba pa izi panayenda mphekesera yakuti popeza anajambula ziphaso ndiye kuti adzadziwa yemwe aliyense wavotera. Zimenezi ndi zabodza, pepala lovotera silikhala ndi dzina ndipo munthu amachonga ali yekha, ndinazibwereza pa bwalo ndipo a NICE amaphunzitsanso zomwezo. Koma kumuuza munthu yemwe walandira meseji yotchula dzina lake, mudzi wake ndi ngongole yake kuti voti ndi yachinsinsi, amakuyang'ana kawiri.

KODI ZINASINTHA ZOTSATIRA

Maganizo anga ndi akuti makampani amenewa amadzikweza kuposa mphamvu zawo, chifukwa kudzitamako ndi komwe kumawapezera makasitomala. Wandale wa ku America Ted Cruz anagwiritsa ntchito Cambridge Analytica mu 2016 koma anagonja kwa Trump mkati mwa chipani chawo. Ofesi yoona za chitetezo cha deta ku Britain itaunika makompyuta a kampaniyi inanena mu 2020 kuti njira zawo zambiri zinali zodziwika kale zomwe enanso amagwiritsa ntchito. Kwathu kuno a Peter Mutharika anapeza 56.8% a Lazarus Chakwera 33%, mpata ngati umenewo subwera ndi meseji. Mlimi safuna foni kuti adziwe mtengo wa thumba la feteleza, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto safuna foni kuti adziwe kuti wagona pa mzere wa mafuta.

Koma pa mpando wa khansala kapena phungu, pomwe anthu amasiyana ndi mavoti ochepa, kukhazika pansi achinyamata a midzi ingapo nkokwanira. Pa mpando wa pulezidenti nawonso chiyambireni 50+1 mu 2020 kachigawo kakang'ono kangathe kupangitsa kuti kukhale chibwereza kapena ayi.

Ndipo olo zitapanda kusintha voti imodzi, pali chomwe chaonongeka. Wandale akalonjeza pa msonkhano aliyense amamva zofanana, Zodiak imaulutsa, otsutsana naye amayankha, patapita zaka anthu amamukumbutsa. Meseji ya mwakabisira imauza wa fodya china, wa soya china chotsutsana nacho, yopanda dzina la mwini wake, palibe woyankha ndipo palibe wodzamufunsa. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa zogawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, koma zimenezo zimaoneka ndi maso, wina atha kujambula. Chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020 pa nkhani ya Tipp-Ex chinatiphunzitsa kuyang'anitsitsa mapepala a zotsatira, mamonita amakhala maso usiku onse powerenga mavoti, koma pa zomwe zikulowa mu foni ya agogo miyezi iwiri chisankho chisanafike palibe monita.

Sindikunena kuti chipani chisamafunse anthu zomwe akufuna, chizifunsa ndithu, ndipo makafukufuku onga a IPOR ndi Afrobarometer omwe amatulutsa zotsatira poyera kuti aliyense aone ndi othandiza dziko. Chipani chikafuna nambala yanga chibwere chitavala makaka ake chinene kuti ndife akuti tikufuna tizikutumizirani uthenga, ine ndivomere kapena ndikane. Chomwe ndikukana ndi kubwera mu dzina la feteleza.

ZA MALAMULO NDI POMWE NKHANI ILI PANO

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, gawo 40 limati munthu ali ndi ufulu wovota mwachinsinsi. Kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act ndipo woyang'anira ndi MACRA. Lamuloli limati zambiri za munthu zitengedwe pa cholinga chomwe wauzidwa osati china, kuti munthu ali ndi ufulu wofunsa zomwe akumusungira komanso kupempha kuti zifufutidwe, ndipo zinthu monga mtundu, chipembedzo ndi maganizo a ndale lili nazo ndi chitetezo chapadera. Fomu ija inatenga zonse zitatu. Lamulo palokha silikwanira anthu akapanda kudandaula, ku Kenya lawo linabwera mu 2019 koma mu 2021 anthu ambiri anadzipeza atalembedwa ngati mamembala a zipani zomwe sanalowemo, zinadziwika chifukwa anthu anafufuza maina awo nkuyamba kufuula.

Chisankho chitadutsa tinalemba kalata mu Chichewa yopempha kampaniyo kuti ifufute maina, manambala ndi zithunzi za ziphaso, omwe anafuna anasaina ena anadinda chala, amfumu anaikapo chidindo. Yankho linabwera lalifupi, ati ntchito inatha ndipo zonse zinaperekedwa kwa kasitomala, dzina la kasitomalayo anakananso kutchula. Ma meseji omwe anthu sanafufute tinawakopera mu kope pamodzi ndi manambala otumiza ndi masiku ake, ndipo ndi omwe tikuphatikiza ku dandaulo lopita ku MACRA lomwe anthu akusaina panopa.

Ntchito yotsatira yomwe ndinagwira dera lomwelo inali ya zaumoyo wa amayi ndi ana, yachilungamo, ya chilolezo chonse, koma makomo ambiri anatikana kuposa kale ndipo ena omwe anavomera anakana kupereka nambala. Sindinawakakamize. Timu yanga pano nambala timailemba pa pepala lapadera osati mu tabuleti, kwa okhawo ofuna, ndipo ndisanasaine kontirakiti ndimapempha fomu yonse ndi kalata ya komiti. Amfumu aja nawo anaika lamulo lawo, timu iliyonse ya kafukufuku isanalowe m'mudzi iziwerenga mafunso onse pa bwalo kuyambira loyamba mpaka lomaliza, anthu akumva. Anandiuza kuti timu ina inabwera, itamva zimenezi inati ikatenge kaye chilolezo kwa mabwana awo, ndipo sinabwerenso.